Foni ya Malemu Inawoloka Malire

Ng'ala itayamba kuphimba diso langa lamanja, akazi anga ndiwo anandiperekeza ku Cuamba kukalembetsa. Madokotala a maso amabwera mwa apo ndi apo, ndipo tsiku lawo amalitumiza pafoni basi. Ine foni sindinakhalepo nayo. Akazi angawo anamasula yawo pansonga ya chitenje, natchula nambala, kenako anandigunda ndi chigongono. "Abambo, mukadzapenya muyambe mwaona ine, Baibulo pambuyo."

Anamwalira mvula isanagwe. Patsiku logawa katundu abale awo anabwera monga mwa mwambo. Zitenje zinapita uku, mapoto uko. Foni anatenga alamu anga, ang'ono awo a malemu, amene anatsalira ku Malawi ife pobwerera kuno ku Mozambique nkhondo itatha. Ndinakhala pamphasa n'kumangoonerera. Katundu wa mkazi ngwa kwawo, mwamuna salowererapo.

Nditakolola chimanga ndinaona kuti za madokotala zija kwakhala zii nthawi yaitali. Ndinapalasa njinga kuchoka kwathu ku Ngauma mpaka ku Mandimba, n'kukwera shapa, minibasi ija timapanikizanamo ndi matumba a chinangwa. Ku Cuamba ndinaima pamzere mpaka miyendo inachita dzanzi.

Mtsikana wa pakompyuta anapeza dzina langa msanga.

"Agogo, uthengatu tinatumiza. Madokotala anabwera, anapita."

"Foni inali ya malemu, mwana wanga."

"Pepani kwambiri. Tipatseni nambala ina."

"Poti ndabwera ndekha, simungangondiuza tsikulo pakamwa?"

"Nanenso sindilidziwa, agogo. Likakonzeka limangochoka m'makinamu kupita pafoni."

Bambo wina kumbuyo kwanga anakuwa kuti, "Kwatirani wina wa foni, madala!" Mzere wonse unaseka. Nanenso ndinaseka, poti sananene moipa. Mtsikanayonso sindimuimba mlandu. Anandiyang'ana ngati mmene akanayang'anira agogo ake.

Nambala ina ndinalibe. Ndinabwerera kumudzi, ndinatuma mawu kwa alamu. Yankho linabwera ndi wogulitsa tomato. "Alamu, kakhadi ka m'foni ka ku Mozambique kagwira ntchito yanji kuno? Ndinakataya, ndinaikamo ka kuno."

Tsono ndinapempha nambala ya mkulu wa mpingo wathu, ndinayendanso ulendo wonse uja kukangoipereka. Koma kwathu tili pafupi ndi malire, foni imakonda kukoka netiweki ya ku Malawi. Kuti uthenga wa kuno ulowe, mkuluyo amakwera kaphiri kuseri kwa tchalitchi, ndipo naye mawondo akumuvuta. Amakwerako Lamulungu lokha tikaweruka. Tsiku la madokotala likadzagwa mkati mwa sabata, tidzalimva litadutsa.

Ine ndimamudikira pansi pa mtengo wa mango. Akamatsika ndimamuzindikira ndi malaya oyera okha, chifukwa diso lamanzere nalo layamba chifunga. Masalimo ndikuwerengabe, buku litagunda mphuno. Lamulungu lapitali anatsika akukupiza manja mokana ali patali, kuti ndisavutike n'kuimirira.