Mayi a Malalanje ndi Milomo ya Ogula

Mayi oyandikana nafe amapikulitsa malalanje pamsika waukulu, koma mtengo salemba paliponse. Amauwerenga pamilomo ya wogula. "Munthu akangomwetulira, mtengo wakwera," amatero.

Mliri utabwera, mahotela anatseka, mitengo inagwa, malalanje n'kumawolera m'matumba. Koma chomwe chinawawawa kwambiri mayiwa chinali masiki, chifukwa milomo yonse inabisika.

Tsiku lina kunabwera bambo wopikula, atatseka kukamwa ndi mphuno, n'kuyamba kunyoza katundu. Mayiwa anangosenda lalanje n'kumupatsa.

"Talawani kaye, achimwene, musananyoze."

Bamboyo anatsitsa masiki, naluma, n'kumwetulira mosazindikira.

"Eya, ndaona. Thumba lakwera mtengo."

"Mayi, kunja kuno kuli mliri!"

"Mliri ulipodi," anayankha akupukuta mpeni, "koma m'lalanjemo sunalowemo."