Apongozi pa Benchi la Kutsogolo

Damiano Chimkwita anabadwira kufupi ndi mishoni ya Kasina, m'banja la alimi a nyemba ndi kabichi, ndipo mpaka lero akamayenda amaweramira kutsogolo ngati akukwera chitunda, ngakhale njira ili yosalala. Uphunzitsi sanaulote ali mwana ayi, asakunamizeni munthu. Iye ankafuna udokotala, koma mayeso a Fomu 4 anamukaniza. Analembanso kachiwiri, anakhoza bwinoko, koma dzina lake pa mndandanda wa opita ku yunivesite silinatuluke. Basi anagwira khasu n'kuyamba kulima kachewere, ndipo pogulitsa kachewereyo pamsika wa Lobi m'pamene anakumana ndi Alinafe. Anadalitsa ukwati kutchalitchi, iye n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, m'mudzi wina wa kuseri kwa mapiri.

Yunivesite inadzamukumbukira atakwatira kale. Anamutenga kuti akaphunzire za uphunzitsi wa kusekondale, mbali ya sayansi. Kumeneko anamudyetsa bayoloje ndi kemisitiri mpaka kukhuta, n'kumuphunzitsanso momwe mutu wa mwana umagwirira zinthu, momwe amalembera pulani ya phunziro, ngakhale kaimidwe ka pabolodi kamene. Za m'mabuku ankakhoza popanda vuto. Koma digiri ya uphunzitsi sapatsa munthu chifukwa cha mabuku okha. Chakumapeto amakutumiza kusukulu yeniyeni teremu yathunthu, alekichala n'kumabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi ndi cholembera m'manja. Ukalephera pamenepo, anzako amavala mikanjo iwe uli kunyumba, kudikira chaka china.

Damiano anapempha sukulu yoyendera ya kufupi ndi mudzi wa mkazi wake, kuti azigona pakhomo. Anaona ngati wachenjera.

Tsono pamudzipo panali apongozi ake, aNangondo, amayi ake a Alinafe. Dzina lawo la ubatizo ndi Magadalena, koma Damiano anali asanalitchulepo chikwatirire, ndipo iwonso la iye sankalitchula, ankangoti "a kunyumba uko." Mwambo wa kumeneko ndi wotero. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana pakanjira wina amapatukira m'munda, kaya muli mame kaya chitedze. Mawu amadutsa mwa mkazi. Akuluakulu amati manyaziwa amayamba kuchepa mwana akabadwa, koma kwa Damiano ndi Alinafe mwana anali asanabwere, ndiye mwambowo unali udakali wolimba ngati tsiku loyamba.

ANangondo sanali mayi wongokhala. Sukulu anaisiyira mu Fomu 2 atatenga pathupi pa Alinafe yemweyo, ndipo chinthucho chinkawadya mumtima. Ana atakula anagula makope, n'kukalembetsa sukulu ya masana, ija amalowa akuluakulu ndi obwereza mayeso ana a m'mawa akaweruka. Anthu anaseka, anatopa n'kuseka, iwo n'kufika Fomu 4. Sukulu yake inali yomweyo imene Damiano anapempha. Koma zinkayenda, poti iye ankaphunzitsa m'mawa n'kubwerera njira ya kumtsinje, iwo ankapita masana njira ya kuchigayo.

Amene ankamuyesa Damiano anali mayi Wezzie Gondwe, lekichala wosaseka chisawawa. Ulendo woyamba anakhala kumbuyo, analemba, analembanso, ndipo pomaliza anamuuza mosapita m'mbali kuti iye amaphunzitsa bolodi osati ana. Phunziro lonse wayankhula yekha, nkhope ili kukhoma, palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene watsegula pakamwa. Anati adzabweranso kamodzi kokha, ndipo akadzapezanso kalasi ya anthu osalankhula, sadzachitira mwina. Damiano anakafotokozera Alinafe madzulo ake ali wokhumudwa, ndipo Alinafe, monga mwana wamkazi aliyense, anakafotokozera amayi ake.

Tsiku lobweranso mayi Gondwe mvula inagwa kuyambira m'bandakucha. Msewu wa kumapiriko ukanyowa umasanduka phala, ndipo galimoto yawo inatitimira pena pake mpaka anthu kuikankha. Anafika ana a m'mawa ataweruka kale, nsapato zili matope okhaokha, nkhope ili gwa. Anati mawa akuyembekezeka kusukulu ina, kuno sabweranso. Ahedi, munthu wobwera amene za m'midzimo sankazidziwa, anaganiza kuti akuthandiza. Anati palibe vuto, a Fomu 4 a masana alowa kale, aphunzitsi akhoza kuphunzitsa omwewo phunziro limene akonza.

Phunziro limene Damiano anakonza linali la momwe munthu amaberekera. Tchati anachita kujambula yekha, chachikulu, ziwalo zonse zili poyera ndi mayina ake.

Akanatha kunena. Koma munthu wa chaka chomaliza ku yunivesite angauze bwanji lekichala kuti sindingalowe umo, muli apongozi anga? Anangonyamula tchati ndi choko.

ANangondo anali pa benchi la kutsogolo, poti maso awo kutali saona bwino. Atamuona akulowa anaweramitsa mutu n'kukokera mpango kumaso. M'kalasimo munali anthu a m'midzi yomweyo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wosadziwa kuti awa ndi ndani kwa uyu. Damiano atapachika tchati chija, kalasi yonse inangoti zii. Sikuti ankamuda ayi. Ankamuchitira manyazi, ndipo aliyense anaona kuti ulemu ndi kuyang'ana pansi n'kukhala ngati palibe chimene akumva. Ena kumbuyo ankadzitsina kuti asaseke, poganiza kuti munthu amene kwake kulibe ngakhale thewera pachingwe ndiye akufotokoza kumene ana amachokera.

Iye anayamba. Mawu ankatuluka, Chingerezi chili bwinobwino, koma thupi lonse linali litatembenukira kuzenera, kuthawa benchi la kutsogolo. Anafunsa funso, palibe anayankha. Anafunsa lina losavuta, loti ngakhale wa pulayimale akanayankha, koma kunangomveka mvula padenga. Anatchula dzina la mnyamata wina wobwereza amene ankadziwika kuti ndi wanzeru, mnyamatayo anaimirira, n'kuyang'ana aNangondo, n'kukhalanso pansi. Kumbuyo cholembera cha mayi Gondwe chinkangoyenda. Damiano anadziwa kuti chaka chake chikupita akuona.

Anafunsanso, tsopano mongotaya, kuti mwana akakhala m'mimba chakudya chimamufika bwanji.

Dzanja linakwera pa benchi la kutsogolo. Silinakwere monyada ayi, linakwera pang'onopang'ono, mwini wake akuyang'anabe pansi, koma linakwera ndipo silinatsike. Damiano analiona ndi ngodya ya diso. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumbuyo, kufuna dzanja lina lililonse, koma kunalibe. Mayi Gondwe anasiya kulemba n'kudzutsa mutu.

Ndiye anatembenuka, n'kuwayang'ana apongozi ake kumaso koyamba chikwatirire.

"Eya, amayi," anatero.

ANangondo anaimirira, anakonza chitenje, n'kuyankha m'Chingerezi chawo chodukaduka, maso ali pa tchati. Anatchula chiwalo chimene mwana amadyera, anatchula mtsempha wa pamchombo, mawu amodzi anawaphonya katchulidwe, Damiano n'kuwakonza monga akanakonzera wina aliyense, iwo n'kubwereza. Asanakhale pansi anawonjeza funso lawolawo.

"Aphunzitsi, nanga mayi akamadwala malungo, mwanayo amadwalanso?"

Mawu akuti aphunzitsi aja ndi amene anamasula kalasi. Poti eni ake manyazi awaika pambali, enawo akanawasungira ndani? Manja anayamba kukwera, azimayi awiri anatsutsana, mnyamata wanzeru uja anapita kukaloza pa tchati, ndipo belu linalira anthu akufunsabe. Mayi Gondwe anangonena kuti poyamba Damiano anachita ngati munthu wogwidwa ndi tsemwe, koma wakhoza. Anatinso mayi wa kutsogolo uja amusamale, ndi wophunzira wabwino. Anakwera galimoto yawo osadziwa chilichonse, ndipo mpaka lero sadziwa.

Nkhani inafika kumudzi eni ake asanafike. Pofika madzulo inali itakula kale, ena akuti mkamwini wavula apongozi ake pagulu ndi zithunzi zolaula. A Rafaelo, amuna awo a aNangondo, sanakalipe. Anangouza mkazi wawo kuti sukuluyo yakwana, makope aikidwe m'sutikesi, kudimba kukufunika anthu. Mayeso anali atatsala miyezi yochepa. Zinali zopweteka, ndipo Damiano zinamupweteka kwambiri, koma mkamwini asamakule mwendo, pamudzi pa eni sakanatsegula pakamwa. M'mawa mwake anakumana ndi aNangondo panjira ya kudimba, iwo anapatukira m'chimanga, iyenso anapatukira mbali inayo, ngati dzulo lake sikunachitike kanthu.

Anabwerera ku yunivesite, anamaliza, anavala mkanjo. Lero akuphunzitsa bayoloje pasukulu ina cha ku Kabwazi, ndipo ana a m'kalasi mwake amati savutika naye, kungoti amafunsa mafunso mpaka kutopetsa.

Tsiku limene anabwera ndi satifiketi kumudzi, sakanatha kukaipereka yekha. Anampatsa Alinafe kuti akaonetse makolo, iye n'kutsala kuseri kwa mpanda wa udzu, akunamizira kukonza mpini wa khasu. Anamva a Rafaelo akuti zili bwino, n'kuchokapo. Kenako anamva mawu a aNangondo akuwerenga pepalalo mokweza, liwu limodzilimodzi, monga ankawerengera m'kalasi. Atafika pamene panali dzina anaima kaye. Kenako analiwerenga lonse, Damiano Chimkwita, ndipo aka kanali koyamba kuti iye alimve likutuluka pakamwa pawo.

Atamaliza, anawamva akuuza mwana wawo chapansipansi.

"Ukawafunse aphunzitsi ngati kulembetsa mayeso a chaka chamawa anatseka kale."

Damiano sanadikire kuti Alinafe azungulire mpanda.

"Sanatseke, amayi," anayankha.