Evelina ndi Dimba Lotchingidwa ndi Waya

Inu amene mwatopa, amene mukuona ngati dziko lonse lakufulatirani, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za Evelina Zimba wa kwa Magodi, m'boma la Lundazi. Kwawoko amamutchula NyaZimba.

Mvula itangosiya, chaka chomwe anaika mwamuna wake m'manda, Evelina anatsikira kudimba kwake ndi khasu ndi keni yothirira. Anapeza waya waminga atazungulira dimba lonse. Tomato wake anali mkati akufota, iye ali kunja. Pachipata panaima mlonda wovala yunifomu yatsopano, ndipo mlondayo anali Danwell, mng'ono wake wa malemuyo.

"Mulamu, bwelelani chabe," anatero Danwell. "Malo aya ni ya kampani manje. Akulu anga anasaina."

"Nanga tomato wanga nayenso anasaina?" anafunsa Evelina.

Danwell anayang'ana kumbali. Evelina anabwerera kunyumba keni ili youma.

Nkhani yake inali yotere. Mwamuna wake, Haswell, asanadwale anabwereketsa munda wake wa m'mbali mwa msewu kwa kampani ina yogula soya ndi fodya, kuti imangepo shedi. Mundawo unali wake, palibe akanamuletsa. Koma tsiku losainirana, anthu a kampani ataloza kumtsinje n'kufunsa za madzi, Haswell, amene ankakonda kuoneka mwini zonse pamaso pa alendo, anangoti, "Konse uko n'kwathu." Basi zinalembedwa. Chonsecho dimbalo silinali lake. Evelina anapatsidwa ndi bambo ake, a mudzi wa tsidya la mtsinje, asanakwatiwe n'komwe.

Mungaganize kuti mudzi unamumvera chisoni mayi wamasiyeyu. Ayi ndithu. Kampaniyo inali itakumba mjigo m'mudzimo ndi kulemba ntchito anyamata angapo, ndiye ndani akanafuna kuyambana nayo chifukwa cha tomato wa mtengwa? Akafika pamjigo, amayi anzake ankasiya nkhani pakati. Kutchalitchi ankamupatsa moni wa patali. Mwana wake mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Kitwe, ndipo foni yake inkalira mwa apo ndi apo.

Evelina anasungulumwa. Ankaphika kamphika kamodzi, kudya yekha, kutsuka mbale imodzi. Kuti apeze mchere anayamba maganyu otola mtedza m'minda ya anthu omwe kale ankabwera kudzagula masamba kwa iye. Zinkamupweteka kwambiri.

Koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina anatsitsa njinga ya malemu yomwe inapachikidwa kudenga, anapopa matayala, ulendo wa ku boma. Kupalasa kwake kunali kwa munthu wophunzirira ukulu, ana m'njira ankaseka, iye osatembenuka. Atafunsafunsa pamsika, anamulozera ku bungwe lina lothandiza osauka pa milandu, ndipo kumeneko anapeza loya wachitsikana dzina lake Monica.

Anakasuma kukhoti. Ndi mkwiyo umene anali nawo, Evelina anati kampaniyo ichoke konse, kudimba ndi kumunda wa mwamuna wake komwe.

Yankho la kampani linamudabwitsa. Sinatsutse n'komwe zoti dimba ndi la yani. Inangopempha khoti kuti liimitse mlanduwo, ati m'pangano lomwe Haswell anasaina munalembedwa kuti mkangano uliwonse udzapita kwa mkhalapakati ku Lusaka.

"Mkhalapakati ni ndani?" Evelina anafunsa Monica.

"Si jaji wa boma, amama. Ni munthu wamene mbali ziwili zimagwilizana kuti aziweluze, na kumulipila zimamulipila zokha. Akagamula, ndiye kuti kwasila, nkhani yathela pamenepo. Ngati anthu anapangana so, koti nthawi zambili imawauza kuti pitani kwamene munapangana."

"Ku Lusaka? Ine amene Chipata ninaionako kamodzi?"

Tinene zoona, mkhalapakati si chinthu choipa. Amalonda akuluakulu amamukonda chifukwa milandu yawo imatha msanga, popanda phokoso. Koma kumuuza mayi wotola mtedza kuti akadandaule ku Lusaka, n'chimodzimodzi kumuika chakudya padenga n'kumuuza kuti idyani. Ine zimenezi zimandiwawa, ndipo sindibisa.

Apa m'pamene ambiri amagwera ulesi. Tsiku la mlandu likafika, loya wa kampani wadwala. Tsiku lina, galimoto yake yawonongekera panjira. Chilimwe chonse Evelina ankadzuka, kumanga chimanga chokazinga m'nsalu, kupalasa m'fumbi, kukhala pabenchi ya khoti yekhayekha pamene ena onse anali ndi abale owaperekeza, kenako n'kubwerera wopanda chonena. Nthawi zambiri ankalira ali panjinga pomwepo, misozi ikusakanikirana ndi fumbi, koma mapazi sankasiya kupalasa.

M'mudzi anayamba kunena kuti imfa ya mwamuna yamusokoneza mutu. Danwell anabwera ndi thumba la ufa, naliika pakhomo.

"Mulamu, lekani mulandu uyu. Mutichititsa manyazi. Imwe mweka mungalimbane na kampani?"

Evelina analiyang'ana thumbalo nthawi yaitali, pakuti m'nyumba munalibe ufa. Kenako anati, "Yewo, alamu. Koma nyamulani." Madzulo ake anadya mbatata yootcha, ndipo anadzifunsa ngati anthuwo sankanena zoona.

Potsiriza tsiku lija linafika, onse analipo. A majisitireti anayamba ndi kuwachenjeza kuti lero sakuweruza mwini dimba. "Lero tikufuna tidziwe kumene nkhaniyi iyenera kukambidwira, kuno kapena kwa mkhalapakati." Anati khoti silisankha mwa chisoni kapena mwa ukulu wa munthu. Limaona ngati pangano lolembedwa lilipodi ndipo ndi lomveka, ngati amene akukangana ndi omwewo anapangana, komanso ngati chimene akukanganirana chili m'gulu la zomwe anapangana.

Loya wa kampani anaimirira ndi mtima wonse. Anati papepalapo panalembedwa kuti "Haswell Mtonga ndi mkazi wake." Anaitananso mlangizi wa kampani amene analipo tsiku losainirana, ndipo iyeyo analumbira kuti mayiyu analipo, anagwada, anawomba m'manja mawu onse atawerengedwa. Ati kumeneko kunali kuvomera.

Evelina anadziwa kuti zinalidi zoona. Anawombadi m'manja.

"Amayi, munawomba?" anafunsa a majisitireti.

"Enya, ninawomba," anayankha. "Alendo anali pankhonde na amuna anga. Ninabweletsa madzi yakumwa, ninagwada, ninawomba, ninachoka kukagwila nkhuku yawo. Kwathu mkazi sakhala pamene amuna akamba na alendo. Ndipo kuwomba timawombela aliyense. Olo wamene wabwela kutiuza malilo timamuwombela, koma sikuti tavomela imfa."

A majisitireti anafunsanso.

"Chala chanu munadinda papepalali?"

"Yayi. Palibe ananipempha chala. Ananipempha chabe madzi."

Chigamulo chinabwera patapita masabata. A majisitireti anayamba ndi munda wa m'mbali mwa msewu. Anati Haswell anasaina ndi dzanja lake, mutu uli bwino, ndipo imfa yake sinafafanize zomwe anapangana. Choncho mbali imeneyo ya mlandu aiimitsa, wofuna kudandaula za mundawo apite kwa mkhalapakati. Evelina anayamba kumanga nsalu yake kuti azipita, koma Monica anamugwira dzanja.

Za dimba, a majisitireti anati nkhani ndi ina. Mayiyu akudandaula za malo amene akuti ndi akeake, osati a malemu. Munthu amataya ufulu wake wodandaula kukhoti pokhapokha iye mwini atavomera, ndipo kuvomerako kuyenera kuoneka papepala. Mwamuna sangavomerere mkazi wake chifukwa chongokhala mwamuna, ndipo ulemu wopereka kwa alendo si siginecha. "Mlandu wa dimba umveka pompano."

Onani, sanapambane dimba tsiku limenelo. Anangopambana mpata woti amvedwe pafupi ndi kwawo. Koma kwa munthu amene miyezi yonseyi palibe ankamumvera, umenewo unali mpata waukulu. Anatuluka panja, anakhala pansi pa mtengo, nalira mokweza. Panalibe womutonthoza kupatula mayi wogulitsa zitumbuwa amene sankadziwa n'komwe chimene chachitika.

Ntchito inali isanathe. Pankafunika mboni. Evelina anawoloka mtsinje kupita kumudzi wa malemu bambo ake, khomo ndi khomo. Ena anatseka zitseko, ena anati miyendo ikuwawa. Koma azibambo awiri okalamba amene anathandiza bambo ake kukumba chitsime cha m'dimbamo anati, "Tizapita, mwana wa Zimba. Mulandu suwola." Anapitadi, ananena zomwe anaona ndi maso awo, ndipo khoti linalamula kuti waya achotsedwe.

Musaganize kuti kunali nthungululu. Tsiku limene wayayo anazulidwa palibe anabwera. Dothi linali litauma gwa chifukwa cha magalimoto, chitsime chitakwiririka. Evelina anavula nsapato, analowamo yekha, nayamba kufukula matope ndi chidebe. Madzi oyamba atatumphuka anasamba kumaso, n'kupitiriza kukumba.

Munda wa mwamuna wake ukadali m'manja mwa kampani mpaka nthawi ya pangano idzathe, ndipo iye anavomereza zimenezo. Koma lero mukapita pamsika wa Lundazi n'kufunsa tomato wa NyaZimba, akulozerani. Ali ndi amayi awiri amasiye amene amagwira naye ntchito kudimba. Alimi ena akabweretseredwa mapepala oti asaine, amadzera kaye kwa iye, ena mwamanyazi, chifukwa ndi omwe aja ankati wapenga. Iye sawakumbutsa. Amangowauza kuti, "Mukalibe kudinda, funsani kuti tikazayambana tizakambila kuti. Na mkazi wanu mumuitane akhale pansi amve."

Wina anamufunsapo kuti mphamvu zonsezi anazitenga kuti. Anaseka.

"Mphamvu ziti? Ninalibe. Ninali kulila tsiku na tsiku. Koma tsiku la koti sininaphonye olo limodzi."

Mwina inunso muli nokha pa nkhani yanu. Abale akhala chete, anzanu athawa, ndipo amene mukulimbana naye ali ndi galimoto pamene inu muli ndi mapazi. Sindikunamizani kuti mudzapambana zonse, pakuti Evelina sanapambane zonse. Koma funsani, fufuzani chimene lamulo likunena, gogodani pakhomo lina likatsekedwa loyamba. Kulira lirani, palibe akuletsani. Koma dzina lanu likamaitanidwa, mudzapezeke mulipo kuti muyankhe. Osataya mtima.