Mphanda Imodzi Pakhomo Lililonse

Lachiwiri lapitali ndinatuluka ndi mbale, ndinayenda makomo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinabwerera ndi mazira awiri. Eee, mazira awiri, abale anga. Linalo linaswekera m'njira.

Mwina simukudziwa chomwe ndimapemphera ndalama. Kwathu kuno, kufupi ndi Wimbe, tinagwirizana zokonza bwalo la anthu onse: poti atsikana aziponyerapo mpira wa manja, anyamata azivina mganda, ife amayi chimtali, a kwaya ndi a zisudzo akhale ndi pochitira zawo, abambo azisewera bawo pamthunzi. Pakali pano atsikana athu amasewerera mumsewu momwe mumadutsa malole a fodya. Komiti inandisankha kuti ndiyende ndi mbale chifukwa akuti ndilibe manyazi.

Malo tinapatsidwa, koma anali ndi tsiku lake. Anatipatsa ndi mayi Nyirenda, amayi amasiye a m'mudzi mwathu. Ndi tsala lomwe lagona zaka zambiri chifukwa nthaka inaguga, popanda feteleza sipabereka. Ndiye chaka chino dzina lawo latuluka pa makuponi a feteleza. Mwana wawo, bambo a Tadala, anatiuza poyera kuti, "Amayi anapereka, sindikukana. Koma mvula ikagwa pasanaime kanthu, ine ndiunda mizere. Feteleza ali m'nyumba, ine ndiziyang'ana tchire?"

Kodi mungawanene kuti ndi oipa? Ine ayi. Ali ndi ana oti adye.

Khomo loyamba ndinafika kwa a Nabanda. Anayang'ana mbale, anayang'ana ine.

"Mayi a Chisomo, mukupeza bwino koma? Mwezi uno ngopempha ndalama? Kamene kali pamfundo ya chitenjechi nkoombolera thumba la kuponi. Mubwere fodya akalowa ku okushoni, mbaleyo simudzatha kuinyamula."

Ananena zoona. Koma fodya akamalowa ku okushoni, pamalo paja chimanga chidzakhala chitauma kale.

Alamu anga a Gondwe ndiwo anandiseka kwambiri. "Mlamu, masewera amadyedwa? Mwana akalira njala muzimupatsa ng'oma?"

Ndinati, "Alamu, inu amene munakopa mchemwali wanga ndi mganda, mutavala kabudula woyera, lero mukunyoza ng'oma?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Mazira aja anachokera kumeneko.

Ndili m'njira ndinazindikira kuti olakwa ndife a komiti. Tinatengera za kutauni zomwe timamva pa wailesi, za maenvelopu ndi mbale. Kutauni anthu amalandira mwezi ndi mwezi. Ife a fodya timalandira kamodzi pachaka, ndipo mwezi uno ngakhale munthu wa mtima wabwino chotani sangamasule mfundo. Ndi ntchito zingati zachitukuko zomwe zafa m'midzi muno, ife nkumati anthu ndi aumbombo, pamene tinangogogoda mwezi wolakwika?

Ndikuululireni kanthu. Sabata imeneyi, ine mlimi, ndinagwada nkupempha Mulungu kuti mvula ichedwe pang'ono. Mitambo ikamasonkhana chakum'mawa, anzanga akusangalala, ine mtima uli phaphapha. Ndinachita manyazi ndi pemphero limenelo, koma ndinalipemphera.

Lachitatu m'mawa ndikusesa, maso anga anagwera pa chigafa chathu, chomwe tinkaumitsiramo fodya. Bambo a kunyumba anasiya fodya zaka ziwiri zapitazo, anayamba soya. M'chigafamo tsopano mumausa mbuzi.

"Bambo, chigafachi mukusungira chiswe?"

"Usandiyambe. Mitengo ikadzakwera ku okushoni ndidzabwerera."

"Ndipatseniko mphanda imodzi yokha."

Anatembenuka nkuchoka. Inu akutali mwina simungamve kulemera kwa pempho limeneli. Kuno mitengo inatha ndi zigafa zomwezi. Mphanda yowongoka, yolimba, munthu amaisunga ngati mbuzi. Koma masana ndinamva khasu likulira kuseri. Anazula ziwiri.

Lachinayi titatuluka ku mapemphero a amayi ndinaimirira ndi kunena kuti, "Ndalama zisungeni, mugulire feteleza. Tikupempha mphanda imodzi pakhomo lililonse, tiimike chisakasa pamalo paja. Amene alibe abweretse mtolo wa udzu kapena luzi." A Nabanda anawonjezera nzeru ina, yoti aliyense amene akuthirira nazale ya fodya kudambo aike machubu angapo a mbande za mitengo kumapeto kwa bedi. Keni yothirira ndi yomweyo, madzi ndi omwewo.

Loweruka, abale anga, ndikanakonda mukanaona! Mphanda zinkabwera pamapewa, panjinga, zina pangolo. Zina zakuda ndi ukalamba, zina zikununkhabe fodya. Sitinafune mmisiri. Ndani ku Kasungu kuno amene sadziwa kuimika chigafa? Abambo anangoyang'anana, wina kukumba, wina kuyeza ndi mapazi. Alamu anga aja anali pamwamba penipeni, akulamula aliyense ngati nzeruyo inali yawo.

Dzuwa lili pamutu tinaona bambo a Tadala akubwera ndi khasu, chingwe ndi zikhomo. Tonse tinasiya ntchito.

Anazungulira chisakasacho, anagwedeza mphanda imodzi, sinasunthe. Kenako anati, "Ndinati pakaima kanthu, ndipo paima. Koma amayi, ndikhululukeni, malo onsewa sindingawasiye. Kuchokera pa muwanga apo kufika kumsewu nkwanu, mpaka kalekale. Kumunsi kuno ndilima."

Mayi Nyirenda ndiwo anayankha. "Khoma zikhomo zakozo anthu onsewa akuona," anatero, "kuti mawa mdzukulu wako asadzazule."

Anakhoma. Tonse tinaona.

Sindikunamizani, anyamata a mpira wa miyendo anakhumudwa, chifukwa bwalo lawo silikwana pamene patsalapo. Ameneyo ndi mutu wina womwe tiuyambe. Malata, simenti ya mipando ndi magolo achitsulo zidikira fodya agulitsidwe, ndipo nthawi imeneyo tidzapempha mopanda mantha. Koma pa mpira wa manja pakwana, povinira pakwana, ndipo denga tafolera theka. Ine ndikungothokoza. Sindinayembekezere kuti mitengo imene inatipinda misana zaka zonsezi tsiku lina idzachitira ana athu mthunzi.

Nanga kwanuko, mwasiya chiyani poganiza kuti popanda ndalama sichingatheke? Mwayang'ana kuseri kwa nyumba?

Lero m'mawa ndadutsa pamalopo. Kumtunda atsikana akulemba mizere ya mpira ndi phulusa, kumunsi bambo a Tadala akuunda yawo ya chimanga, ndipo amakuwirana nthabwala. Ndinaima pakati, ndinatseka maso, nkubweza pemphero langa lija.

Ambuye, ndinakuchedwetsani. Tsopano igwe.