Tsiku Limene Tinasankha Opita ku Dziko Lofiira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6 pa sukulu ina ya kufupi ndi Lungwena, pamene aphunzitsi athu anatiuza kuti dziko lino likutha. Sananene mokuwa ayi. Ananena ngati munthu amene akukuuza kuti sopo watha m'nyumba, kenako n'kupitiriza kupukuta bolodi.

Anali a Kachingwe, mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Ntcheu, amene anali asanathe chaka kwathu kuno. Chiyao sankamva, nsomba ankadya mwamantha poopa minga, koma pa nkhani za kumwamba sankagwirika. Lolemba limenelo ankatiphunzitsa za dzuwa ndi maiko amene amalizungulira. Anatulutsa foni yawo yong'aluka galasi n'kumayenda nayo pakati pathu, ife tikugundana mitu. Pa foniyo panali chithunzi cha malo ofiira, a miyala yokhayokha, opanda mtengo, opanda mbuzi, opanda ngakhale chitsa. Ine ndinaona ngati munda wa munthu waulesi mwezi wa Okutobala.

"Ili ndi dziko lina, dzina lake Mazi," anatero. "Kuli anthu amene akupanga zombo zoti akakhale kumeneko. Inu simukuona? Chambo chikusowa m'nyanja, mapiri ametedwa mpala, mvula ikubwera pamene yafunira. Tsiku lina anthu adzasamuka."

Atatero anajambula chombo pa bolodi, chosongoka ngati chinangwa, n'kuikamo timawindo tisanu. Anati popeza sabata imeneyo tinkaphunziranso za demokalase, aphatikiza maphunziro awiriwo. Tiyerekeze kuti chombo chabwera pa bwalo la sukulu, mipando ndi isanu yokha, ndipo ife, amene tinalipo oposa makumi asanu ndi awiri, tisankhe tokha Lachinayi kuti akwere ndani.

Mawu oti tiyerekeze ndinawamva bwinobwino. Ndinkadziwa kuti chombo n'cha choko. Komabe pofika madzulo a tsiku lomwelo ndinali nditayamba kuganiza za chitenje chimene ndidzavale pa ulendowo. Mwana amatha kusunga zinthu ziwiri zotsutsana m'mutu umodzi popanda kudwala nazo mutu. Ndiponso kwathu ulendo wautali timaudziwa umodzi, wa ku Joni. Banja limakhala pansi n'kusankha mnyamata mmodzi, ndipo pakatha zaka ziwiri nyumba ya kwawo imafoleredwa ndi malata. Ife tinamva nkhani ya chombo mwa njira imeneyo: wopita wapulumuka, wotsala watsala ndi udzu padenga.

Ndinali ndi mnzanga, Esinati. Kwawo kunali ku Malindi, banja la tchalitchi cha mishoni, koma bambo ake ankakonza njinga pa msika wa kwathu. M'kalasi mwathu munalibe madesiki, choncho ine ndi iye tinkakhalira thumba limodzi la feteleza, iye mbali yolembedwa, ine mbali inayo. Masana ndikapita ku madrasa, iye ankandidikira pansi pa mtengo wa mango ndi ndowa ziwiri, yake ndi yanga, kuti ndikatuluka tipite ku mjigo limodzi. Zaka zitatu anachita zimenezo, osadandaula. Tsiku limene chombo chinajambulidwa tinakolana zala pa njira n'kulumbira kuti akakwera mmodzi, winayo akweranso.

Masiku atatu otsatirawo sukulu inasanduka msonkhano. Msuweni wanga Yusufu, mwana wa amalume amene anali ndi boti la injini, ankabwera ndi usipa wokazinga m'matumba a kabudula n'kumagawa pa nthawi yopuma. Analonjeza kuti aliyense woima naye adzamutumizira foni kuchokera ku dziko lofiira. Mnyamata wina, Jafali, analumbira kuti iye akangofika adzatembenuza chombo kudzatenga otsala onse. Panali mtsikana amene anati kumeneko sikudzakhala kusesa, ndipo anapeza omutsatira ambiri ndithu.

Kenako kunayamba manong'onong'o amene sindinawamvepo chiyambire sukulu. Ena ankati a ku mishoni akachuluka m'chombo sakalola kumanga mzikiti. Ena ankati Asilamu akachuluka akaletsa nkhumba. Nkhumba, ku dziko lopanda ngakhale udzu! Ine ndi Esinati tinaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma ndinaona kuti ana amene dzulo lake ankasewera fulaye limodzi ayamba kudya mango m'magulu awiri.

Lachinayi a Kachingwe ankafuna kuti tivote pa timapepala, aliyense mwachinsinsi. Vuto linali loti ahedi anali ataletsa kung'amba makope, ndipo pepala lina panalibe. Ndi Jafali amene anaimika dzanja.

"Sala, tingoima kumbuyo. Ngati mmene anachitira achipani pa bwalo lino posankha munthu wawo."

Tonse tinali titaonerera tsiku limenelo, titakwera m'mitengo, ndiye tinavomera ndi phokoso. Aphunzitsi anazengereza pang'ono, kenako anagonjera ambiri. Anatitulutsa panja. Pa mpando uliwonse ankaima anthu awiri, atayang'ana khoma la kalasi, osaloledwa kucheuka. Enafe tinkafola kumbuyo kwa amene tamufuna, dzanja pa phewa la mnzako, ndipo aphunzitsi ankawerenga mitu. Akamaliza ankati, "Tembenukani." Wopambana ankanyamulidwa. Wolephera ndi anthu ake ochepawo ankawoozedwa ndi kalasi lonse, fumbi lili koboo, ena akuvina pamaso pawo.

Ine ndinapikisana pa mpando wachitatu. Ndinaima nditayang'ana njerwa, ndikumva mapazi kumbuyo koma osadziwa kuti akupita kwa ndani. Dzanja loyamba kufika pa phewa langa linandifinya kawiri. Ndinalizindikira, chifukwa ndi mmene Esinati ankachitira tikamawoloka msewu. Ndinapambana, ndipo iye ndi amene anakuwa kuposa onse.

Mpando wachisanu, womaliza, unagwera Esinati ndi Yusufu. Opambana kale tinkaloledwa kuvota. Aphunzitsi atawomba m'manja ndinanyamuka ndikudziwa kumene ndikupita, panalibe choganizira. Koma ndili pa njira ndinaona anthu akukhamukira kwa Yusufu ngati nkhuku zaona madeya. Mzere wake unakhota mpaka kukafika pa mbendera. Kumbuyo kwa Esinati kunali ana anayi, awiri a iwo aang'ono msinkhu, akuyang'ana pansi. Ndinaima pakati pa mizere iwiriyo, dzuwa likundiwotcha pa mpango.

"Patuma, fulumira!" anatero aphunzitsi.

Pano ndi pamene ndimasokonezeka mpaka lero. Palibe amene anandiopseza. Usipa wa Yusufu sindinadye, ndipo Yusufu mwiniwakeyo ndinkadana naye chifukwa ankandikoka mpango. Nkhani ya mzikiti ija ndinali nditaiseka. Mpando wanga m'chombo unali kale m'manja. Ndimangokumbukira kuti ndinayang'ana ana anayi aja n'kuganiza za kuwoozedwa kumene kukubwera, ndipo miyendo yanga inakhota yokha. Ndinakaima kumchira kwa mzere wautali, dzanja langa pa phewa la mwana amene sindikumbukira n'komwe dzina lake.

"Tembenukani."

Esinati anatembenuka akumwetulira, chifukwa anali atakonzeka kulephera. Anayang'ana anthu ake anayi, mmodzimmodzi. Kenako anayang'ana kumbuyo kwawo, ngati mwina wachisanu wabisika. Atatero m'pamene anayendetsa maso pa mzere wa Yusufu, pang'onopang'ono, mpaka anandipeza. Sanalire. Anthu ankamuwooza, iye akungondiyang'ana, ndipo ine ndinachita manyazi amene sindinawamveponso pa moyo wanga.

Phunziro silinathere pomwepo. A Kachingwe anatiitana asanu opambanafe kutsogolo kuti tipange malamulo a dziko latsopano. Tisanapange ngakhale limodzi, Yusufu ndi Jafali, amenenso anali atapambana mpando wake, anagwirana malaya polimbirana kuti woyendetsa chombo akhale ndani. Jafali yemwe uja, wolonjeza kudzatenga otsala, anati mafuta sangakwane maulendo awiri. Ali mkati mokangana, mtsikana wina wofatsa, Asiyatu, amene chaka chonse anali asanayankhepo funso, anaimirira.

"Sala, si munati demokalase ndi zofuna ambiri? Ife otsala ndife ambiri. Tikuti chombo chisapite."

Ana onse anathamangira kumbuyo kwake, ngakhale amene anangotivotera kumene. Aphunzitsi anakanda m'mutu ndi dzanja la choko mpaka tsitsi linayera. Anatsegula pakamwa, anatseka, anati, "Eya, komabe," ndipo belu linalira. Mpaka lero sindidziwa ngati chombo chija chinanyamuka.

Kunyumba ndinapeza amayi akutembenuza usipa pa thandala, ababa akusoka ukonde pa mthunzi. Ndinawauza kuti ndasankhidwa kupita ku dziko lina. Ababa anafunsa ngati kumeneko kuli ntchito, ndiponso ngati pakufunika pasipoti. Nditati kulibe nyanja, anabwerera ku ukonde wawo. Amayi ndiwo anafunsa za Esinati.

"Watsala," ndinatero.

"Munachepa kumbuyo kwake?"

Ndinayamba kuwathandiza kutembenuza usipa. Amayi anandiyang'ana, nsomba ili m'manja.

"Ndiye kumeneko ukatunga madzi ndi ndani?"

Masana amenewo nditatuluka ku madrasa, pansi pa mango panali mbuzi basi. Ndinayenda mpaka kwawo. Bambo ake ankamata chubu cha njinga pakhonde, ndipo anandilonjera monga mwa masiku onse. Esinati ndinamupeza kuseri akutsuka mbale ndi mchenga.

"Iwe, anali masewera chabe aja," ndinatero, ndikuyesa kuseka.

"Ndikudziwa. Chombo n'cha choko. Koma iwe unayenda ndi miyendo yeniyeni."

Ndinapepesa. Iye anati kupepesa sakukufuna, akufuna chifukwa basi.

"Ngati ndi poti Yusufu ndi m'bale wako, nena, ndimva. Ngati ndi poti ine ndine wa ku tchalitchi, nenanso, ndidziwe."

Ndikanatha kunama. Ndikanati amalume akanandikalipira, ndipo ndikhulupirira kuti mawa lake akanandidikira pa mango. Koma ndinafufuza m'mutu mwanga moona mtima n'kupeza mulibe kanthu koti ndimupatse. Ndinati sindikudziwa.

"Ndiye ine ndingadziwe bwanji kuti mawa sudzateronso?"

Anapitiriza kutsuka mbale. Ndinaima pamenepo mpaka ndinazindikira kuti nkhani yatha.

Sitinayambane. Tinkapatsanabe moni, ankandibwereka rula ndikapempha. Koma Lolemba anabwera ndi thumba lakelake, n'kuliyala pafupi ndi khomo. Chaka chitatha bambo ake anabwerera ku Malindi ndi banja lonse, ndipo sindinatsanzikane naye.

Pano ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa nsalu pa boma la Mangochi. Ndavotapo kale pa zisankho zenizeni, m'kachipinda kobisika mmene simulowa diso la munthu, ndipo ndimathokoza amene anaganiza zoti voti izikhala ya chinsinsi, chifukwa anali kuwadziwa anthu ngati ine. Koma ngakhale m'menemo, cholembera chili m'manja, ndinadzipeza ndikudzifunsa kuti kodi ambiri apita kuti. Kale ndinkaganiza kuti chimene chimawononga chisankho ndi usipa wa m'thumba ndi mabodza a kampeni. Zimenezo zilipo, inde. Koma ine palibe anandigula. Ndinapatsidwa ufulu wonse, ndipo ndinaugwiritsa ntchito pothawa kukhala m'gulu la ochepa kwa mphindi ziwiri zokha.

Mwana wanga wamkulu amandionetsa pa foni zombo zikunyamuka ndi moto kumchira, ndipo amandifunsa ngati n'zoona kuti anthu adzakhala ku maiko ena. Ndimamuyankha kuti mwina, chifukwa munthu akafuna chinthu sagona. Za mpweya ndi madzi adzazipeza, sindikayika. Chimene sindimuuza n'choti m'chombomo mudzakwera anthu omwewa: wolonjeza kubwerera amene sadzabwerera, awiri olimbirana chiwongolero, ambiri amene akusankha lero n'kukukana mawa. Kaya anthu otere akafika kumeneko adzakhala bwino kuposa kuno, kaya adzangosamutsa mikangano, ine mutu wanga sufika.

Esinati ndinamva kuti ndi namwino tsopano, kwinakwake cha ku Katuli. Anthu amene amadziwa kumene ali ndimawadziwa, ndipo galimoto zopita kumeneko zimaima pafupi ndi pamene ndimayala nsalu zanga. Sindinapitebe, chifukwa funso lake lija ndilibe nalo yankho. Atati abwere lero munthu kudzafunsa kuti mpando womaliza akhalepo ndani, dzina loti nditchule ndikulidziwa, ndipo ndikhoza kulumbira. Chimene sindingalumbire ndi kumene miyendo yanga ingapite anthu atayamba kufola.