Sopo wa ku Marseille

Lero pamsika wa ku Marabastad ndanunkhiza sopo wobiriwira wa mafuta a azitona, ndipo ndakumbuka nyumba ya ku Brooklyn, dera la olemera la mumzinda womwewu, kumene Amayi ankagwira ntchito ndili kamtsikana.

Adona a panyumbapo anabwera ndi sopo wotere kuchokera ku Marseille, mzinda wadoko wa ku France, pa nyanja ija inaswa chombo cha mtumwi Paulo. Anamuika pashelefu, pambali pa chithunzi cha tchalitchi cha paphiri chimene amalinyero amachiona pobwerera kwawo. Amayi anamudula panayi ndi mpeni, monga tichitira ndi mtanda wa sopo kwathu, nachapira nsalu zapatebulo.

Adona anatulukira naona zidutswazo. Ndinkadziwa kuti Amayi akachotsedwa ntchito, kachipinda kathu kakuseri katipulumukanso.

"Pemphera, mwanangu," Amayi anandinong'oneza. "Kani chinali chokongoletsera nyumba!"

Adona anayanula nsalu imodzi naiyang'anitsitsa padzuwa. Banga lakalekale la vinyo linali litachoka.

"Ku Marseille akhala akuphika sopoyu zaka mazanamazana kuti azichapira," anatero m'Chingerezi, "koma ine ndimangomuyang'ana."

Anapatsa Amayi chidutswa chimodzi. Amayi anachilandira ndi manja awiri, milomo ikugwederabe ndi pemphero, thovu likuuma m'zigongono.