Mpanda wa pa foni

Bambo oyandikana nyumba ndi Nélia ku Tsangano amalima kachewere, ndipo sathamangitsa mbuzi m'munda mwawo. Iwo amangomanga mpanda, osakangana ndi munthu.

Tsiku lina Nélia ankafufuza pa intaneti ngati mwana wake Celso wakhoza mayeso, koma timawindo totsatsa malonda tinkangotumphuka n'kuphimba mayina onse. Akatseka kamodzi, kankabwerera ndi tinzake, uku mamega a intaneti akutha. Kenako anakawaonetsa bambo aja foni yakeyo.

"Mukuthamangitsa mbuzi, mayi," anatero bambowo akupukuta dothi m'manja. Anatenga foniyo, n'kulowa mu definições, mosinthira makonzedwe a foni, n'kuletseratu timawindo tonse.

Tsamba linayera, dzina la Celso n'kuoneka: aprovado, wakhoza.

M'mawa mwake Nélia anamangirira mbuzi zake, zomwe zinkapezabe polowera pa mpanda wa bambowo.